Mwana amene ndinayamwitsa ku Chitipa

Ndinafika ku Chitipa ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Amuna anga anali kalaliki wa za msonkho wa m'malire, ndipo boma linawachotsa ku Zomba n'kuwatumiza kumeneko. Anatipatsa nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa ofesi. Sindinkadziwa munthu aliyense, ndipo Chitumbuka changa chinkathera pa "monire" ndi "yewo".

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anakhala nane miyezi itatu yokha. Mu Juni, mphepo yozizira ya kumeneko itayamba, anadwala chibayo, ndipo tsiku lachitatu anatisiya. Abale athu uthenga unawapeza titaika kale. Amene anasambitsa mwana wanga, kuphika pamaliro ndi kukhala nane pamphasa anali amayi a kumpingo kwathu, ambiri oti sindinalankhulanepo nawo.

Maliro atatha, mkaka sunaleke. Mabere ankatupa ndi kuwawa, bulauzi n'kumanyowa. Ndinkamanga nsalu pachifuwa n'kungokhala m'nyumba.

Patapita sabata kunabwera mtsogoleri wa amayiwo. Anali mayi wamtali, telala wa pakhonde la sitolo ina kumsika, wosadziwa kuzungulira polankhula. Anakhala pampando osamasula n'chitenje chomwe, n'kundiuza chimene anabwerera.

Masiku amenewo munthu wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika kapena kukwera basi. Panali anthu a chipembedzo china amene ankakana kugula khadilo. M'mudzi wina wa cha ku Mafinga anyamata a chipani anawatenthera nyumba, ndipo iwo anathawira ku Zambia kudzera m'mapiri. Mayi wina wa gululo matenda a uchembere anamuyamba ali m'njira. Anachirira mu msasa wa kumunda, koma magazi sanasiye, ndipo anamwalira. Mwamuna wake anasiya khandalo kwa mnansi wawo wa mpingo wathu, iye n'kupitirira ndi ana awiri okulirapo. Amayi a kumpingo anakabweretsa ku boma ndipo ankakamwetsa mkaka wa mbuzi ndi supuni, koma kankatsegula m'mimba, liwombo litalowa.

"Mama, ife mkaka tilibe, inu muli nawo," anatero atelala aja. "Tikumanya kuti mtima wanu uli ndi chilonda. Mukakana palibe akunenani."

Kunena zoona ndinakwiya. Ndinaona ngati akundiuza kuti mwana wanga angalowedwe m'malo ndi mwana aliyense.

Masana ndinawauza amuna anga. Anasiya kudya, n'kunena kuti nyumba tinkakhalayo inali ya boma, ndipo zikamveka kuti tikusunga mwana wa anthu amenewo ntchito itha, mwina iwonso atengedwa.

"Muno asalowe," anatero. "Koma kumene muzipita ine ndili kuntchito sindikufunsani."

M'mawa mwake ndinapita kwa atelala, kuseri kwa tchalitchi, ndikudziuza kuti ndikungokaona. Anali mwana wamwamuna, wofundikidwa nsalu zotsala posoka. Khungu la pamikono linali litakwinyika, ndipo kulira kwake sikunkamveka ndi pakhomo pomwe. Poyamba analephera kuyamwa. Ndinamukamira madontho pamilomo kangapo konse, kenaka anagwira bere. Pomwepo ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Amayi amene anali m'nyumbamo anatuluka mmodzimmodzi n'kundisiya ndekha.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapitako kanayi patsiku. Madzulo ndinkakamira mkaka mu kapu kuti azimupatsa mpaka m'mawa. Amayiwo anagawana masiku. Wina ankagona naye, wina ankachapa matewera, ena ankabweretsa nkhuni. Ine ankandidyetsa ngati mchembere: thobwa la mawere, nyemba, nthochi za ku Misuku, ati mkaka uchuluke. Pa Lachinayi, mapemphero a amayi akatha, onse ankadzera kumeneko n'kumalandirana mwanayo akumuimbira nyimbo za Chitumbuka zomwe ndinaziphunzira pomwepo.

Wofunsa ankauzidwa kuti ndi mwana wa mchemwali wake wa atelala amene anamwalirira ku Tanzania. Abusa ankadziwa zoona zake, koma Lamulungu ankangopempherera ana amasiye osatchula wina. Mmodzi mwa amayi ochapa matewera anali mkazi wa wapampando wa chipani m'dera lathu. Ndinkamuopa kwambiri. Miyezi yonseyo sanaulule kanthu.

Mwanayo ananenepa, anayamba kuseka, kukwawa, kenaka kuimirira atagwira mwendo wa makina osokera. Akamva mawu anga panja ankasiya chilichonse. Amuna anga anabwerako kamodzi kokha, Loweruka lina, atanyamula sopo. Anamunyamula pang'ono ataimirira pakhomo, n'kumubweza. Madzulo ake anandifunsa ngati atelala angalole kuti tidzapite naye tikadzasamutsidwa.

Mwanayo ali ndi miyezi khumi kunabwera mayi wina atasenza mtolo wa usipa ngati wamalonda. Anali mlongo wake wa bambo wa mwanayo, ndipo anadzera njira za m'tchire. Anati bamboyo ali moyo ku msasa wa othawa, koma mmodzi mwa ana awiri aja anamwalira kumeneko, ndipo tsiku lililonse amafunsa za khanda limene anasiya. Anagwada n'kuthokoza aliyense, ine anandigwira manja onse awiri.

Ndinakana. Ndinati mwana akadayamwa, ndipo kumene akufuna kupita naye n'kumene kwafera mbale wake. Ndinapempha kuti adikire chaka chimodzi chokha. Mayiyo anati sakudziwa ngati angadzathenso kuwoloka. Ndinayang'ana atelala kuti andithandize, koma iwo anayang'ana pansi.

"Mama, tinamusunga, sitinamutenge," anatero. "Bambo wake wataya mkazi, nyumba ndi mwana. Tisamulandenso uyu."

Anandipatsa sabata imodzi yoti ndimuzoloweze phala. Atelala anamusokera malaya atatu, ena aakulu oti adzavale akadzakula. Amayi anasonkha ufa, nyemba ndi bulangete. Tsiku lonyamuka tinapemphera, ndipo ndinamubereka ndekha mpaka pamtsinje pamene msewu unathera. Pamenepo ndinamuyamwitsa komaliza. Titamuika kumbuyo kwa azakhali ake anayamba kulira, akupotoloka kuti andione. Ndinaima mpaka kulirako kutasiya kumveka. Pobwerera atelala anandigwira dzanja njira yonse.

Chaka chotsatira anatisamutsira ku Mwanza. Atelala anandilembera makalata awiri. M'kalata yachiwiri anati anamva kuti anthu a ku msasa kuja anabwezedwa kumudzi, kenaka anathamangitsidwanso, ena mpaka ku Mozambique, ndipo za mwanayo palibe ankadziwa. Ndinalembanso kangapo koma yankho silinabwere.

Pambuyo pake Mulungu anandipatsa ana anayi, onse anakula ndipo ali pa okha. Anthu akandifunsa kuti ndinabereka angati ndimati asanu, mmodzi anagona ku Chitipa. Za mwana uja sinditchula kawirikawiri, chifukwa akandifunsa kuti ali kuti ndilibe choyankha.