Mbali Yachiwiri ya Kaseti ya Abambo

Kaseti ija ndikadali nayo. Ndi yotuwa, ngodya imodzi inabenthuka, ndipo pamwamba pake pali dzina la mudzi wathu lolembedwa ndi bolopeni yofiira. Kaseti imeneyi inawoloka malire a Mwanza kambirimbiri kuposa munthu aliyense wa kwa Kanduku, moti alonda a pachipata ankaipatsa moni. Sindikunama. Ine bodza ndinasiya ndili mwana, m'nyengo yomwe ndikufuna kukuuzaniyi.

Abambo ankagwira ntchito ku Joni. Amayi sankadziwa kuwerenga, choncho kalata ikabwera ankapita nayo kwa aphunzitsi, omwe ankaiwerenga mokweza ngati akuitana mayina m'kalasi, uku akukonza Chichewa cha abambo. Atatopa nazo, abambo anatumiza wailesi ya kaseti kuti azilankhula ndi mkazi wawo mwachinsinsi. Chinsinsi chake chinali chakuti kaseti ikafika, mudzi wonse unkabwera ndi mipando yawo.

Kasetiyo inali imodzi yokha. Abambo ankajambulamo mawu awo n'kupatsira adalaivala ena a thiraki odzera ku Tete. Amalume ankapalasa njinga kukailandira kumalire. Tikamvetsera, tinkajambula yankho pamwamba pa mawu a abambowo n'kuibweza. Amalume ankati kaseti ili ngati mbale ya mnansi, sibwerera yopanda kanthu ndiponso sichedwetsedwa. Palibe amene ankaganiza kuti tikufufuta munthu. Mawu tinkawayesa madzi a pachitsime, oti ukatunga lero mawa uwapeza adzazanso.

Chaka chimenecho kaseti inafika m'nyengo ya manachesi, mitengo italemedwa mpaka kuichirikiza ndi mphanda. Kunkazizira koti mawu ankauma m'kamwa, moni wam'mawa n'kumveka masana. Manja a mwana aliyense ankanunkhira makoko. Mbali yoyamba inali ya masiku onse: moni kwa akulu potsata msinkhu, malangizo a denga, funso la mbuzi. Amalume atatembenuza, kunamveka gitala.

Abambo anali akuimba. Nyimboyo anaipeka okha, yonena za njira yochokera kumtsinje kufika pakhomo pathu, akutchula mtengo uliwonse ndi mwala uliwonse, mpaka pamene mkazi wina amatulira ndowa. Mawu anali osasa, ndipo pakatipakati ankatsokomola. Kwathu mwamuna ankaimba kutchalitchi, pamaliro kapena pamowa. Kuimbira mkazi wake, anthu akumva, kunali kuvula pagulu. Anthu anaseka mpaka ena kugwa pamipando. "Alamu aledzera," anatero amalume. Amayi anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, ine n'kuyesa kuti nawonso akuseka.

Kaseti inakhala milungu itatu osabwerera. M'mawa uliwonse amayi ankayanika mabatire pamwala ngati chinangwa, kuti dzuwa liwabwezere mphamvu, ndipo masana anthu akapita kumadimba ankatseka chitseko. Amalume anajambula yankho kumbali yoyamba, iwo monga mwini mbumba: anapereka moni, anafotokoza umoyo wa mbuzi iliyonse, ndipo amayi anapatsidwa kanthawi kokwanira kunena kuti tonse tili bwino. Zoti mbali yachiwiri ifufutidwe amayi anakana. "Iyi tiisiye," ankatero, osakweza mawu.

Vuto ndinali ine. Aphunzitsi anali atatiphunzitsa nyimbo ya kwaya, ndipo atamva mawu anga anandiika kumbuyo n'kundipempha mwaulemu kuti ndizingoyasamula. Sindiwaimba mlandu. Tsiku lina nditaimba kudambo, mbuzi zathu zinathawira ku Mozambique, ndipo imodzi inabwerako ikulira Chipwitikizi. Mboni zilipo. Koma ndinkakhulupirira kuti munthu mmodzi padziko angandimvetse, amene nayenso anasekedwa ndi mudzi wonse. Ndinkafuna kuti abambo amve kuti nanenso ndimaimba, koma malo ojambulapo anatsala kumbali yachiwiri kokha.

Ndinalira masiku anayi. Ndinanyanyala chakudya, ndikudya manachesi kuseri kwa khola. Amalume, omwe ankachita manyazi ndi adalaivala aja, anaima mbali yanga. "Achemwali, mwini wake ali moyo, adzaimbanso. Kapena mukufuna aziti kuno tinafa?" Lero ndikudziwa kuti sananame mwadala. Ankanena zimene aliyense ankadziwa.

Tsiku lachisanu amayi anaika wailesi pampando, anandiimika patsogolo pake, nandipukuta kukamwa ngati abambo andiona. Batani lofiira anadina okha. "Imba, mwanangu." Kenako anatuluka n'kuyamba kusesa bwalo lomwe anali atasesa kale.

Ndinaimba. Nyimbo itatha ndinayambiranso, n'kuyambiranso, kuopa kuti abambo angaphonye kukoma kwake. Ndikanaimba mpaka lero mabatire akanapanda kufa. Mawa lake amalume anapita nayo kumalire.

Manachesi anatha, mitengo inatsala masamba okhaokha. Tsiku lina masana tinaona munthu akukwera chitunda wapansi, chipewa chili m'manja. Anali adalaivala aja, omwe sanafikepo kumudzi kwathu. Amayi atangoona chipewacho anakhala pansi pomwe anaima. Chifuwa chija chinali chitawatenga abambo. Adalaivalawo pofika ku Joni anapeza anzawo a abambo atawaika kale m'manda, kwa eni ake. M'thumba la malaya anatulutsa kaseti. Abambo sanaimve.

Tinalira maliro opanda mtembo. Anthu omwe anagwa pamipando aja anayamba kufunsana kuti nyimbo ija inkati bwanji, koma aliyense ankakumbukira kuseka kokha. Amalume, munthu woti ankatha kulankhula mbali yonse ya kaseti osapuma, sanayandikirenso wailesi mpaka imfa yawo. Ine lero foni yanga ndi yodzaza moti imalemera m'thumba. Sindifufuta mawu a munthu aliyense, ngakhale a wolakwitsa nambala.

Patapita mwezi amayi anayanikanso mabatire. Wailesi yathu inali ndi khalidwe lotafuna tepi ukaiimitsa pakati kapena ukaithamangitsa, ndiye iwo sankalola munthu kuigwira, ndipo ankadina batani limodzi lokha. Ankamvetsera amalume ndi mbuzi zawo mpaka mbali ithe yokha. Ankatembenuza. Ankamvetsera ine, ulendo woyamba, wachiwiri, wachikhumi, mawu anga akunka nalemera ngati ng'ombe yotopa, mpaka pamene mabatire anafera tsiku lija. Pamenepo pankamveka kaphokoso, kenako kulira kumodzi kwa gitala, kenako abambo akuseka pang'ono:

"Ndiye mundiyankhetu, mwamva?"

Basi. Kaseti n'kuthera pomwepo.

Ankachita zimenezi Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, atakhala pamphasa, manja ali pamiyendo. Ine ndinkakhala pakhomo, chifuwa chili patsogolo, ndikuyang'ana ngati pali wodutsa woti aone. Lolemba lina ndinapita kwa aphunzitsi n'kuwauza kuti andichotse kumbuyo, chifukwa kunyumba kuli munthu amene amamvetsera nyimbo yanga kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osadumpha ngakhale pamodzi, ndipo ikamatha amalira.