Mfundo ya Kumsana

Mwana wanga woyamba anabadwa ndi mpeni. Anakhala chopingasa m'mimba, ndiye kuchipatala cha kuboma anati palibe zodikira. Anandicheka m'munsi mwa mchombo, n'kundisoka. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Tsiku lotuluka, anamwino ena aafupi anandiimitsa pakhomo la wodi. Anati, "Mayi, mukafika kwanu muziyendayenda. Muzikoka mpweya wambiri mpaka nthiti zitambasuke. Chifuwa chikabwera, panikizani pilo pabalapo n'kukhosomola. Osameza ayi." Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinakana. Ine ndakula ndikutumbula nsomba. Ndimadziwa chimene chimachitika mimba ikang'ambidwa. Ukangofinya pang'ono, zonse zimakhuthukira panja.

Kwathu ndi ku Benga, koma ndinakwatiwa ku Kanyenda. Amuna anga anali atapita ndi anzawo kokagwira usipa kutali. Pakhomo ndinapeza apongozi anga ndi alamu anga, alongo awo a amuna angawo. Anandigoneka m'kanyumba kakuseri, pafupi ndi powambira nsomba. Anati ndili m'chikuta, palibe kutuluka mpaka mchombo wa mwana utagwa. Utsi unkalowa pakati pa khoma ndi denga. Ndinkauyang'ana ukutsika pang'onopang'ono mpaka kundipeza pamphasa.

M'mawa mwake analowa onse awiri ndi chitenje chatsopano, chofiira, chisanachapidwe n'komwe.

"Dzukani, amake mwana," anatero apongozi. "Mimba ikasiyidwa imalendewera ngati thumba la makaka. Tonse tinamangidwa."

Ndinati, "Koma ine anandicheka, amayi."

"Ndiye inu ndi amene mufunika kumangidwa zolimba, kuti za m'kati zisatuluke."

Mawu amenewo anagwera pamene panali mantha anga. Ndinakweza manja ndekha. Ichi sindingawanamizire.

Anapinda chitenjecho m'litali, n'kuchizunguliza kawiri. Pabala penipeni anaopapo, choncho anachikweza m'mwamba, chinagwira nthiti, m'munsi mwa mabere. Alamu anaponda phazi m'chiuno mwanga, anagwira nsonga imodzi. Apongozi anagwira inayo. Anakoka ngati akukoka khoka. Ndinamva nthiti zikulira. Ndinakuwa.

"Tulutsani mpweya wonse!" anatero alamu. "Wonse! Mukutupitsa dala."

Ndinatulutsa. Pomwepo anakokanso, n'kumanga mfundo kumsana. Mpweya umene ndinatulutsa m'mawa umenewo sunabwerere wonse.

Ndinayamba kupuma ngati mwanapiye. Pang'ono, pang'ono, pamwamba pokha. Utsi ukandikanda kukhosi, chifuwa chinkabwera ndi mphamvu kuchokera pansi. Ndinkaluma bulangete. Ndinkatseka pakamwa ndi manja onse awiri mpaka misozi kutuluka, n'kumeza. Ndinkaona ngati ndapambana. M'mawa uliwonse chitenje chikakhwepa, ankabwera kudzachikokanso, phazi m'chiuno momwemo.

Tsiku lachitatu thupi linatentha. Kumanja, pansi pa nthiti, kunayamba kubaya. Ndikati ndikoke mpweya, ngati munthu walowetsa msomali. Ndikasiya, msomali uja watuluka. Ndiye ndinkakoka wochepa kuposa dzulo.

Tsiku lachinayi ndinapinda mkono kumsana kufuna mfundo ija. Inali yolimba ngati mwala. Ndinali ndikuikanda ndi zikhadabo pamene alamu analowa ndi phala. Anaika mbale pansi bwinobwino. Kenako anandiwomba khofi. Mutu unagunda khoma.

"Iwe, ukufuna achimwene adzapeze chiyani muno? Chigubu?"

Sindinalire. Kulira kumafuna mpweya.

Kuyambira pamenepo ndinkangoyang'ana. Ndinayang'ana zikhadabo zanga, zinali zitada ngati ndasenda chinangwa chowola. Ndinawerenga mawu amene ndingathe kunena ndisanapume: atatu. Madzulo ake, awiri. Apongozi anati ndi malungo a uchembere, anandipatsa panado.

Chimene chinandiopsa chinachitika m'mawa wa tsiku lachisanu. Ndinali kuyamwitsa nditatsamira khoma. Maso anachita mdima. Sindikudziwa nthawi imene inapita. Nditadzidzimuka, ndinali nditagwera kutsogolo, mwana ali pansi pa bere langa, nkhope yonse itakwiririka. Timiyendo tokha tinkapalasa. Ndinamusolola. Anali wofiira, pakamwa pali yasa, osatulutsa mawu. Kenako analira. Ndinaona kuti chitenje chimenechi chikupha anthu awiri.

Kafoni kanga kanali pansi pa mphasa. Ndinawaimbira amayi anga. Ndinangoti, "Amayi... mpweya." Zina zonse anazimva okha, mmene m'chifuwa munkalirira ngati mluzu.

Amayi anga amagulitsa nsomba m'mphepete mwa msewu ku Benga. Ali ndi mikono. Anafika dzuwa lili paliwombo. Ndinamva mawu awo pabwalo, kenako a apongozi atatseka khomo.

"Asebere, m'chikuta salowamo munthu wochokera paulendo. Mumudwalitsa mwana."

"Tachokani."

"Pano ndi pakhomo panga."

"Amene ali m'katimo ndinabereka ine. Chokani!"

Ndinamva chinthu chikugwa, beseni likugubuduzika. Chitseko chinamenya khoma. Amayi analowa, anandiyang'ana milomo, anandiyang'ana chitenje. Alamu anawadumphira kumbuyo, anawagwira mpango n'kuwakokera pansi. Anagwera limodzi pafupi ndi mwana. Ndinayesa kukuwa kuti mwana, mwana, koma mawu sanatuluke. Ndinangomukoka ndi phazi, ndi nsalu yake yomwe. Amayi anawagunda alamu ndi chigongono pakamwa, anadzuka, anatuluka. Anabwerera atagwira mpeni wotumbulira nsomba, mamba adakali pachigwiriro.

Alamu anathawira pakona. Apongozi anakuwa pakhomo, "Akupha! Anthuni, akupha kuno!" Inenso ndinaganiza kuti lero magazi akhetsedwa. Koma amayi anandigwira tsitsi, anandiweramitsa, n'kulowetsa mpeni pakati pa msana ndi chitenje. Chinali chothina moti mpeni unadula ndi khungu lomwe. Chipsera chake ndili nacho. Anacheka, anacheka, chinadukira kumodzi.

Mpweya unalowa, koma mbali imodzi yokha. Kumanja kunali ngati chipinda chokhoma. Chifuwa chinanyamuka, ndipo ine, chitsiru, ndinatsekanso pakamwa.

Amayi anaitana njinga zamoto ziwiri. Anandiika pakati, amayi atandikumbatira kumbuyo. Bampu iliyonse inkandibaya kawiri, pabala ndi m'nthiti. Nditacheuka pamsewu waukulu ndinaona njinga yachiwiri. Anakwerapo apongozi, mlomo umene anamenyetsa pogwa pakhomo paja ukuchucha magazi, mwana atamufungatira m'kati mwa nsalu kuti mphepo isamuwombe.

Kuchipatala anandiika timachubu ta okosijeni m'mphuno ndi kachipangizo kopana chala. Adokotala anamvetsera kumsana, kumanzere, kumanja, kumanjanso. Anafunsa za mizere yakuda imene inali m'nthiti. Amayi anayankha. Adokotala anati m'munsi mwa phapo lakumanja simukulowa mpweya. Lafota chifukwa chosatambasuka, makhololo adzazamo, ndipo chibayo chalowa. Anandibaya jakisoni, anati ena azibwera m'maola ake.

Mawa lake anabwera anamwino aafupi aja. Anandizindikira.

"Si inu ndinakuuzani za pilo?"

Ndinayang'ana pansi.

Anandikhazika m'mphepete mwa bedi. Anaika pilo pabala, anauza amayi kuti apanikize ndi manja onse. Anamwinowo anapita kumbuyo kwanga, anakunga zikhatho, anayamba kundimenya kumsana. Phu, phu, phu, kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Aliyense m'wodi anatembenuka.

"Kokani mpweya. Wina. Wina! Tsopano khosomolani."

"Liphulika," ndinatero.

"Likaphulika tili pompano, ulusi ulipo wambiri. Khosomolani, mayi. Kapena mukufuna mwana uyu aziyamwa agogo ake?"

Mayi wina wa bedi loyandikana anaseka, n'kugwira bala lake, n'kutukwana. Ine ndinayang'ana amayi anga. Anati, "Ndagwira. Palibe chituluke."

Ndinakhosomola.

Sindinamvepo ululu ngati umenewo, ngakhale tsiku lobereka. Ndinamva ngati andichekanso popanda mankhwala, ngati ulusi uliwonse ukuthothoka pawokha. Ndinakanda mkono wa amayi mpaka magazi. Chifuwa chitayamba sichinafune kuleka. Chinandigwedeza, chinandipinda, chinandikodzetsa pabedi. Kenako chinthu chinasuntha pansi penipeni, chinakwera, chinadzaza m'kamwa. Ndinalavulira m'kabeseni. Zinali zolimba, zobiriwira, zosakanikirana ndi magazi akale.

Ndinakankha pilo, ndinakweza malaya. Ndinkafuna kuona ndi maso anga. Bala linali louma. Ulusi wonse unali m'malo mwake.

"Mwaona matumbo?" anafunsa anamwino.

Ndinakoka mpweya kuti ndiyankhe. Unatsika, unapitirira pamene unkathera masiku onse aja, unakafika pansi kumanja, malo amene ndinali nditaiwala kuti ndili nawo. Kunabaya, koma unalowa. Apo ndipo ndinalira, mokweza, chifukwa tsopano zinali zotheka.

Anandimenya choncho katatu pa tsiku kwa sabata yathunthu. Apongozi ankagona panja pa wodi, ankabweretsa mwana nthawi yoyamwa. Sanapepese. Tsiku lina akumupukuta mwana anangoti, "Ife sitinachekedwepo." Titatuluka ndinapita ku Benga, ndipo amuna anga atabwera kunyanja anakandipeza komweko.

Mwanayo tsopano akuyenda, koma akatopa ndimamubereka. Ndikamuponya kumsana, ndimayamba ndakoka mpweya wonse, mpaka nthiti zitatambasuka, ndipo ndimamanga chitenje mpweyawo uli m'kati. Mfundo imakhala kutsogolo, pamene dzanja langa lifika. Azimayi a pamsika amati, "Amake mwana, mangitsani, agwatu ameneyo." Ndimamugwira ndi dzanja kumatako, n'kumapita.