Pakufunika Kumasula

Nditamaliza maphunziro a uinjiniya ndinabwerera kwathu ku Chipata, ndipo ntchito yoyamba ndinaipeza pa fakitale ina yoyenga mafuta a soya ndi mpendadzuwa. Mkazi ndinali ndekha pakati pa amuna a maovolosi, ndiye ndinkayenda makutu ali tcheru, kudikira wondipeputsa. Ngakhale wondipatsa moni ndinkayamba ndamuyeza kaye.

Chaka chimenecho fakitale inagula makina oziziritsira mafuta ndi mphepo. Amakhala pamwamba pa mizati: timapaipi tambirimbiri togona, mafani akuluakulu akupemerera kunsi kwake, ndipo kumapeto kuli bokosi lachitsulo kumene paipi yaikulu ya mafuta otentha imalowera. Ntchito yanga inali kujambula mapaipiwo pa kompyuta n'kuwerengera mphamvu imene adzakankhire bokosilo. Chitsulo chikatentha chimatalika, ndipo chikasowa kolowera chimathyola chinzake.

Poyamba ndinauza kompyuta kuti bokosilo ndi lomangika, silisuntha. Manambala anatuluka ofiira okhaokha, kusonyeza kuti chinachake chithyoka. Kenako ndinatsegula buku la opanga makinawo n'kupeza kuti bokosilo analipanga kuti lizitsetsereka pang'ono paipi ikamalikankha. Nditalilola kutsetsereka pa kompyutapo, zonse zinabiriwira. Bukulo ndinalitseka pomwepo, ndinasindikiza pepala langa n'kulisaina mtima uli m'malo. Pa makwerero opita pamwamba pa makinawo sindinapondepo n'kamodzi komwe.

Amene ankatsogolera omanga mapaipi anali bambo wina wachikulire wa ku Chiparamba, mwana wa mphunzitsi wa ku mishoni, wolankhula motsitsa ngati ali m'tchalitchi. Anayamba kugwira sipanala ine ndisanabadwe. Koma lamulo la pafakitale linali lakuti pa makina atsopano palibe chomanga kapena chochotsa ngati sichili pa pepala la injiniya, ndipo iwo lamulo sankaliphwanya.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tiyatse makinawo, anandipeza pabwalo, anzawo onse ali pomwepo. Anavula chipewa.

"Amayi ainjiniya, pepala lanu n'labwino ndithu," anatero. "Koma ine ndikuona monga pakufunika kumasula pang'ono."

Ine ndinamva kuti akufuna ndimasule zolembedwazo, monga mmene munthu amamasulira mwambi. Mumtima ndinati, eya, mayeso aja abwera lero. Ndinayala pepala pa mgolo n'kuyamba kuwaphunzitsa mokweza, chala chili pa mzere.

"Iyi ndi paipi, abambo. Ikatentha imatalika. Ili ndi bokosi, limatsetsereka. Mwamva? Chizungu chikakuvutani muzinena msanga."

Ena anaseka. Iwo anayang'ana pamwamba pa makina, kenako anayang'ana ine.

"Zikomo, amayi, ndamva," anatero, n'kuvala chipewa chawo.

M'mawa mwake tinayatsa. Mafuta atangotentha bwino, polumikizira paipi ndi bokosi panayamba kudontha, kenako mafuta anayamba kutsika ndi mzati. Tinazimitsa mothamanga. Mwayi wake palibe amene anapsa. Manijala anatiitana tonse, ananyamula pepala langa n'kunena kuti masamu a injiniya ali bwinobwino, ndiye vuto ndi la omanga. Bambo aja anauzidwa kuti akakhale kunyumba. Sanatchule kuti anandiuzapo kanthu, ndipo ine ndinangoti chete, ndikukhulupirira kuti ndilibe mlandu.

Masana a tsikulo m'pamene ndinakwera makwerero aja koyamba. M'mbali mwa bokosi munali mabawuti anayi opakidwa penti yofiira, omangidwa zolimba. Opanga makina amawaika kuti bokosi lisagwedezeke m'lole paulendo, ndipo amayenera kuchotsedwa makina asanayake. Zinalembedwa m'buku lomwe lija, tsamba lotsatira pamene ine ndinatsekera. Pa kompyuta bokosi langa linkatsetsereka, koma pamwamba apo linali lomangidwa ngati mbuzi. Kumasula kumene bambo aja ankanena kunali kwa sipanala. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndi manja awiri.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinatsika makwererowo n'kukhalabe chete masiku atatu. Ndinkaopa kuti adzati, mwaona, ntchito munapatsa mkazi. Masiku atatu amenewo munthu wosalakwa anali kwawo, dzina lake likudyedwa m'tauni kuti ukalamba wamulowa m'manja. Tsiku lachinayi ndinalowa mu ofesi ya manijala n'kuulula zonse. Anandikalipira, kenako anatuma uthenga kuti bambo aja abwerere. Iwo anathokoza, koma anakana.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Chiparamba. Ndinawapeza pakhonde akukonza pampu ya njinga. Anandipatsa mpando, anafunsa za makolo anga, ndipo ine ndinapepesa. Anati zinatha, ntchito ya mapaipi anali atatopa nayo kale. Sindinawakhulupirire. Ndinawafunsa chimene chinkandivuta njira yonse.

"Abambo, bwanji simunangonena kuti mabawuti? Mawu amodzi okha."

Anaika pampu pansi.

"Pamaso pa anthu onse aja?" anatero. "Mukanachita manyazi, amayi. Inu munali mutangoyamba kumene ntchito."