Chaka Chimene Amayi Anakandineneza kwa Adokotala

Ndinali ndi chitini cha mkaka wa ufa chodzaza zitsekero za mabotolo. M'mawa uliwonse ndinkazindandalika pakhonde, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha, ndipo munthu akangosuntha chimodzi ndinkakuwa mpaka nkhuku kubalalika. Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, koma mawu amene ndinkayankhula anali owerengeka.

Kumudzi kwathu, kufupi ndi Ludzi, anthu sanachedwe kupeza chifukwa. Amalume anali atangomanga zigafa ziwiri za fodya n'kugula ngolo, ndiye basi, amvekere anandikhwimira ndi iwowo. Nkhaniyo inkawadya amalume. Anauza amayi kuti tikangokumba mtedza adzanditengera kwa sing'anga wina ku Zambia, ndikakhale komweko mpaka mutu utatseguka. Mwini mbumba akanena wanena. Amayi, munthu wosajomba Misa, anangoti, "Achimwene, ndamva. Koma mtedzawo sunakumbidwe."

Aphunzitsi anga a Sitandade 1 ndiwo anauza amayi kuti apite nane kuchipatala cha paboma. Ndimakumbukirabe fungo la sipiriti ndi kuzizira kwa simenti pansi pa benchi pomwe ndinabisala. Adokotala anafunsa ngati ndimayankha ndikaitanidwa. "Eee, amayankha," anatero amayi. Nanga kusewera ndi anzanga? "Kwambiri." Bodza lamkunkhuniza! Adokotala anandiunika m'makutu, nkutibweza, ati ndine wamanyazi chabe.

Lero amayi sindiwadzudzula. Kwathu mwana sumuyalutsa pamaso pa mlendo, ndipo amayi anali atazolowera kundiikira kumbuyo pachitsime, kuchigayo, ngakhale kumphakati. Pakamwa pawo panangoyankha pokha.

Aphunzitsi atamva anagwira kukamwa. "Mayi, kuchipatala si kuchinkhoswe ayi. Kumeneko mukanene zoipa zokhazokha." Analemba m'kope zonse zimene ankaona m'kalasi, amayi nabwerera nazo kuboma, ndipo anatipatsa kalata yopita ku Lilongwe. Nthawi imeneyo masamba a mtedza anali atayamba kale kuchita madontho akuda.

M'minibasi amayi anangofumbata korona njira yonse. Titalowa m'chipinda cha adokotala, mayi wina wa magalasi, amayi anakhala ngati munthu wobwera kudzalapa. Ndiye anayamba. Anati sindiwayang'ana m'maso. Anati belu la kutchalitchi likalira ndimagwira makutu n'kudzigwetsa pansi. Anati ndinawaluma pamkono pa Misa ya Khirisimasi, mpaka kuonetsa chipsera chake. Anati chibadwire sindinawaitanepo kuti amayi. Sanasiye kanthu.

Ine ndinkamva zonse. Anthu ankaganiza kuti wosayankhula samva. Zinandiwawa koopsa, ndipo pobwerera ndinakana kukhala pamiyendo pawo.

Tinapitako kawiri. Adokotala ankandipatsa zidole n'kumangondiyang'ana, kulemba, kundiyang'ananso. Ulendo wachiwiri anatchula dzina la vuto langa: otizimu. Anati ndinabadwa nayo, palibe dzanja la munthu, mankhwala ochotsera kulibe, koma kuphunzira ndidzaphunzira m'njira yanga. Amayi anawapempha kuti za dzanja la munthuzo azilembe papepala m'Chichewa, adindepo ndi chidindo.

Tinafika kumudzi mtedza uli pamulu. Amalume anali atapopa kale njinga, atamangirira ndi pilo pakaliyala. Anawerenga pepalalo ataimirira, chala chikutsata mzere.

"Ndiye mankhwala ake?"

"Palibe, achimwene. Mulungu anamuumba choncho, ndipo amene ndimudziwa ndine. Mwana wanga sawoloka malire."

Aka kanali koyamba amayi kuwayankha chotero. Amalume anabwerezanso kuwerenga mzere uja, nkukhala pamtondo wogadabuza, napukuta nkhope ndi chipewa. Kenaka anati, "Mlongo, ndibwereke pepalali." Njinga ija inazungulira nalo mudzi wonse, kugolosale, kuzigafa, mpaka kwa akatekisiti, ndipo pakaliyala panalibe munthu.

Mawu anabwera pang'onopang'ono, sukulu ndinamaliza, ndipo lero ndimasankha mbewu ya mtedza pakampani ina. Njere yofota sindiphonya, afunseni anzanga.

Koma madzulo amenewo, amalume atangokhota ndi njinga, amayi anatsegula pakamwa kuti alulutire. Anandiona ndikukweza manja kumakutu, ndipo nthungululuyo anaimezera m'khosi. Anavula patapata n'kuyamba kuvina pabwalo opanda nyimbo, opanda kuomba m'manja, fumbi lokha kuti kobo, misozi ili chuchuchu. Ine ndinali ndidakali wokwiya ndi munthu amene anakandineneza kwa alendo. Ndinawayang'ana mapazi nthawi yaitali, nkuganiza kuti aponda linthumbu.