Kansanza Koyera ka Nho Tiofe

Pa doko la Mindelo, pachilumba china cha kumadzulo kwenikweni, munthu akafuna kuwoloka nyanja yaikulu pa boti la matanga, ankayamba wafunsa kumene kuli Nho Tiofe. Bambowa analibe shopu ngakhale chikwangwani. Chuma chawo chinali thumba la zida, kampando kathabwa kokwerera pamlongoti, ndi tinsanza toyera ta thonje timene akazi awo, Nha Djena, ankachapa ndi kupinda. Zaka makumi atatu ndi ziwiri banja lawo linadya za tinsanza timeneti.

Mlongoti wa boti umaima chifukwa cha mawaya amene amaukoka kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Waya aliyense ndi timawaya tambiri topotana, ndipo kamodzi kakaduka diso silikaona msanga. Choncho Nho Tiofe ankakhala pakampando kaja, anthu n'kuwakweza ndi chingwe mpaka kunsonga. Kumeneko ankakulunga kansanza pa waya n'kumatsika nako pang'onopang'ono. Waya aliyense anali ndi kansanza kakekake, kochapa kumene. Kakatsetsereka bwino mpaka pansi, ankagwedeza mutu. Kakakodwa n'kusiya ulusi, nkhani inkathera pomwepo.

"Silipita ili," ankatero.

Eni maboti ena ankawanyengerera, ena ankawatukwana m'zinenero zakwawo. Iwo ankangowaonetsa kansanzako. Koma boti likapezeka labwino, ndiwo ankamasula chingwe pagombe n'kuchiponyera mwini wake. Ankaima pamenepo mpaka thanga litabisika kuseri kwa chilumba cha Santo Antão, kenako n'kutola thumba lawo kumapita kunyumba. Iwo eni kuseriko anali asanafikeko.

Tsiku lina kunabwera mzungu wa ku Holande pa kaboti ka mamita asanu ndi atatu kotchedwa Andorinha. Nyanja inali itamusanzitsa mokwanira. Anangotenga chikwama chake, n'kuika makiyi m'manja mwa Nho Tiofe, kusaina mapepala, n'kukakwera ndege. Kuyambira pamenepo Nho Tiofe sanakhalenso munthu wokhazikika. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala akupala, akumata, akusoka. Ankati adzapita okha ku Brazil, ku Fortaleza, kumene mwana wawo Zuleica anakwatiwa.

"Ndege ilipo," ankatero Nha Djena. "Mumadzuka kuno m'mawa, masana mwanyamula kale mdzukulu wanu."

"Ndege ndi ya anthu ofulumira."

"Inu ndiye simufulumiradi."

Amene anawafulumizitsa anali dokotala wa maso. Diso lamanzere linali litachita kale nkhungu, ndipo dokotalayo anati lamanja nalo layamba kutsatira. Sanabise mawu. Mphepo yabwino yowolokera ikadzabweranso chaka chamawa, iwo sadzathanso kuwerenga kampasi. Ngati unali ulendo, unali wa chaka chomwecho.

Mwezi wa Novembala wonse anaulowetsa m'kabotiko. Zitini za nsomba ndi nyemba anazisenda mapepala n'kuzilemba ndi penti, poti madzi akalowa pansi pa boti mapepala amanyowa, munthu n'kumatsegula mapichesi akufuna nyama. Makatoni sanalole kuti akwere, kuopa mazira a mphemvu. Anyezi ndi mbatata anazipachika m'ukonde. Mazira osatsuka anawapaka mafuta limodzilimodzi. Zigubu za madzi anazimanga pansi, mawa lake n'kuzimasula, kuzisuntha, kuzimanganso pomwe zinali poyamba. Anati anyamuka Khirisimasi ikapita. Kenako anati podutsa phwando la São Vicente Woyera. Kenako anati ng'oma za chikondwerero cha kanivale zikaleka kulira. Mazira aja anadyedwa kunyumba, ena n'kugulidwa, nawonso n'kudyedwa.

Nho Lela, msodzi amene anaimira Zuleica paubatizo, ankadutsa pamenepo m'mawa uliwonse pochokera kunyanja. Chifukwa cha ubale wa paubatizowo ankaitanana kuti kumpadi.

"Kumpadi! Ukadali pano? Ine ndimayesa uli kale ku Brazil ukuvina."

"Pita ukagulitse nsomba zako zisanawole."

"Zanga zimapita tsiku lomwelo. Lakoli limera mizu, ndikuuza. Ndidzabwera ndi mbuzi zanga zidzadye msipu pansi pake."

Nho Tiofe ankaseka, koma kusekako kunali kwapakamwa chabe. Chakudya sichinkalowa.  Ku Misa ankaimirira ena atagwada. Panali chinthu chimene sanauze munthu aliyense.

Andorinha inali ndi mawaya asanu ndi mmodzi. Mu Disembala anakwera n'kuyesa asanu, onse bwinobwino. Atafika pa waya wakutsogolo, amene amanyamula thanga lokoka boti, anaona kamzere ka dzimbiri kakutsika kuchokera kunsonga ngati msozi. Anakapukuta ndi chala, n'kukuwa kuti awatsitse. Waya wonyezimira wa mtundu umenewo sapezeka pachilumbapo. Woitanitsa ku Lisboa amafika patatha miyezi itatu, mphepo itapita, diso litapita. Anadziuza kuti dzimbiri ndi dzimbiri chabe. Komabe mtima sunavomere, ndiye miyezi iwiri anakhala akukonza china chilichonse kupatula chimenecho. Kupita ankaopa, kuyesa ankaopanso.

Lachitatu la Phulusa m'mawa, atatopa ndi kudzizungulira, anaganiza zongopita. Nha Djena anafika padoko kuchokera kutchalitchi, phulusa lili pamphumi, mpango wawo woyera wa ku Misa uli kumutu. Anabweretsa kachupa wokazinga, chakudya cha chimanga ndi nyemba, m'kapoto. Nho Lela anali pomwepo akutsuka mabokosi a nsomba.

"Loweruka ndikunyamuka," anatero Nho Tiofe, osawayang'ana akazi awo.

"Loweruka lake liti?" anafunsa Nho Lela. "Taona ambiri."

"Lomwe lino."

Nha Djena anaika kapoto pansi. Sanali munthu wokweza mawu, ngakhale pamsika.

"Tiofe, boti lanuli lili ndi mawaya angati?"

"Mwayamba liti za mawaya inu?"

"Ndayamba tsiku limene munandikwatira. Ndaima pano ndawerenga, alipo asanu ndi mmodzi. Tinsanza timene munabwera nato mu Disembala tinali tisanu. Kachisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukadikira."

Nho Lela anasiya kutsuka. Nho Tiofe anayamba kufufuza m'thumba la zida ngati muli chimene chatayika.

"Wakutsogoloyo ndinamuona ndi maso. Ali bwino."

"Maso ake ati?"

Funso limenelo linawabaya. Anaimirira, nakhalanso.

"Lero ndilibe kansanza kochapa."

Nha Djena anamasula mpango kumutu, tsitsi lawo la imvi n'kuyamba kuuluka ndi mphepo. Anaupinda kawiri n'kuwapatsira.

"Ndinauchapa dzulo. Ine sindinakuletseni ulendowu, ngakhale mtima wanga ukudziwa wokha. Koma ana a eni ake munkawakaniza kupita osayesa. Inu ndiye mulibe mwini?"

"Kwera, kumpadi," anatero Nho Lela, mawu atasintha. "Chingwe ndigwira ine. Sindikugwetsa, ndani angandimwetse khofi?"

Anakwera. Mphepo ya m'doko la Mindelo siipuma, ndipo kunsonga mlongoti unkapita uku ndi uku. Pansi anthu awiri aja ankaoneka ang'onoang'ono, mitu ili chagada. Kumadzulo kunali mpata uja pakati pa zilumba, umene anauyang'ana moyo wawo wonse. Anakulunga mpango pa waya wakutsogolo uja, nakuwa kuti awatsitse pang'ono.

Sanatsike ndi mkono umodzi womwe. Mpango unakodwa.

M'mwambamo anali okha. Palibe amene akanaona. Akanatha kuumasula bwinobwino, kudumpha malowo, n'kufika pansi ndi nsalu yosalala. Anagwira pamalopo ndi chala: timawaya tiwiri tinali titaduka, nsonga zake zakuthwa ngati minga. Waya wotero amapirira padoko. Pakati panyanja, mphepo ikakankha thanga, amaduka kamodzi, mlongoti n'kugwera munthu. Iwo ankazidziwa kuposa wina aliyense. Anakoka mpango mwamphamvu, n'kuumva ukung'ambika.

Anafika pansi mpango uli m'manja. Anautambasula pamaso pa akazi awo. Unali ndi chibowo, ulusi ukulendewera.

"Nenani," anatero Nha Djena. "Nenani monga mumanenera."

"Silipita ili."

Atatero anakhala pa chigubu cha madzi, nagwira mutu. Nha Djena sanakondwe, ngakhale kuti akanatha kukondwa. Anayang'ana mwamuna amene tsopano adzakhala pakhonde, maso akuzima, akumva maboti a anthu ena akuchoka.

"Kumpadi Lela," anatero, "inu maboti anu ansomba mumamangira chiyani?"

Nho Lela anakanda m'mutu. "Waya wakuda uja. Koma amuna anuwa amati ndi woyanikira zovala. Zaka makumi atatu akundinyoza naye."

"Amachita dzimbiri," anatero Nho Tiofe, mutu uli pansi.

"Ukamupaka girizi amatha zaka zinayi. Iwe ukufuna milungu itatu."

"Adetsa thanga lonse."

"Ukupita kukakwatira kodi?"

"Makina omangira nsonga zake kuno kulibe."

"Makina! Bambo ako ankaluka ndi manja, iwe utakhala pambali ukudontha mamina. Waiwala? Kapena zala zinazolowera maboti a azungu?"

Nho Tiofe anadzutsa mutu. Ankadziwa chimene chidzachitike. Doko lonse lidzaona munthu amene ankanyadira mawaya onyezimira akuchoka ndi waya wa asodzi, wonona girizi. Anyamata a pa maboti akuluakulu adzaseka mpaka chaka chamawa.

"Ali ndi utali wokwanira?" anafunsa.

Anagwira ntchitoyo masiku anayi, pamthunzi wa shedi ya asodzi. Kuluka nsonga ya waya kuti ikhale mphete yolimba yokolekera pamlongoti si ntchito ya munthu wothamanga mtima. Umatsegula waya ndi chitsulo chosongoka, kulowetsa chingwe chimodzi, kukoka, kumenya ndi hamala, kenako chinzake. Ulendo woyamba analakwitsa, nadula. Wachiwiri Nho Lela anauyang'ana n'kulavula pansi. Wachitatu zala zinakumbukira zokha zimene mutu unaiwala. Zinatupa, zinang'ambika, Nha Djena n'kumazimanga ndi tinsanza tija. Anthu anabweradi kudzaseka. Chodabwitsa n'chakuti masiku amenewo Nho Tiofe anadya mbale yonse.

Lolemba anakweranso ndi mpango wong'ambika uja. Unatsika kuchokera kunsonga mpaka pansi osakodwa. Unangoda bii.

Ananyamuka Lachiwiri m'mawa, wansembe atawaza madzi odalitsa pa boti ndi pa waya wakudayo. Nho Lela anawerama kuti amasule chingwe.

"Siyani, kumpadi," anatero Nha Djena.

Anamasula okha. Poponya, chingwe chinagwera m'madzi, Nho Tiofe n'kuchikoka chili chonyowa.

"Zaka zonsezi osaphunzira kuponya!" anakuwa Nho Tiofe.

"Pitani, musanapeze china choti mukonze!"

Thanga linakwera, mzere wakuda wa girizi uli kale m'mphepete mwake. Nha Djena anaima pamalo pamene amuna awo ankaima, mpaka kabotiko katabisika kuseri kwa Santo Antão. Kenako anatola kapoto kawo.

Masiku otsatirawo kusakhazikika kuja kunasamukira kwa iwo. Ankasesa posesa kale. Ankayamba kupemphera korona n'kuiwala pamene afika. Mphepo ikawomba zitseko ankatuluka kukayang'ana kudoko, ngati kuti kumeneko kuli yankho. Nho Lela ankabweretsa nsomba, nthabwala zitamuthera.

Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri, chakumasana, foni inalira. Anali Zuleica.

"Amayi, afika! Awonda, ndevu mbwee, manja onse girizi. Koma akukana kutsika. Mwana ndamunyamula pano padzuwa, iwo akuti tiyambe tapeza munthu woti awakweze pamlongoti."

Nha Djena anakhala pansi, nachita chizindikiro cha mtanda.

"Asiye akwere," anatero. "Mpango ali nawo. Akatsika uwauze kuti wa ku Misa ndikufuna wina."