Chigubu cha mlongo wanga

Mlongo wanga wamng'ono anabwera kudzakhala nane kunyanja atatuluka m'chipatala. Kwathu ku Ntcheu anamwa mankhwala opopera kabichi, ukwati wake utatha, ndipo anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mayi anati achoke kaye pamudzi, apite kwa achemwali ake aphunzitsi kufupi ndi ku Bandawe, kumene anthu amadya kondowole ndi usipa, osati kusunga mabotolo a poizoni kuseri kwa chitseko ngati ife. Ndinamulandira, koma mantha ndinali nawo. Ngakhale mankhwala a makoswe ndinakataya m'chimbudzi.

Miyezi yoyamba ankangokhala pakhonde, kuyang'ana msewu. Anadzamudzutsa ndi mayi wina woyandikana nafe, Mtonga wolankhula mosapsatira, amene anamuuza kuti mwamuna wa manja awiri sangamaotche dzuwa ngati buluzi, namubwereka dimba lake kudambo. Mwana wa ku Ntcheu ndi dimba, abale! Pasanathe nthawi kabichi anali ataima m'mizere, iye akudzuka m'mawa akuimba mluzu. Ine mtima unayamba kukhala m'malo, osadziwa kuti kabichi amabwera ndi alendo ake.

Mbozi zitayamba kuboola masamba, ndinathamangira kwa alangizi a zaulimi ku Chintheche ndi kuwafotokozera zonse, osabisa. Anandimvetsa. Anatulutsa kapaketi ka ufa wotuwa kamene anabwera nako ku maphunziro, nati si mankhwala wamba koma mabakiteriya, tizilombo tam'dothi tosaoneka ndi maso. Timapanga chiphe chimene chimaboola m'mimba mwa mbozi yokha. Munthu, nkhuku kapena nsomba sichizikhudza. Anatichenjeza kuti tizipopera dzuwa litapepa chifukwa dzuwa limaononga mphamvu yake, ndiponso kuti tisakhumudwe tikaona mbozi zikadali zamoyo m'mawa mwake, zimayamba zasiya kudya kenako n'kufa. Zinaterodi. Zinalendewera pamasamba zitada bii, mlongo wanga akuseka ngati wapha njovu.

Koma paketi inatha, kungotsala kaufa pang'ono pansi, ndipo ina kunalibe. M'masitolo a pa Chintheche ankangotiloza mabotolo omwe aja a chigaza cha munthu. Alangizi anati poti tizilomboto n'tamoyo, mwina tingathe kutichulukitsa tokha, ngakhale iwo anali asanayesepo. Anati tiwiritse madzi ndi kaufa ka soya kapena ka usipa ndi shuga pang'ono, akazizira tithiremo zotsalira za m'paketi. Pafunika mpweya wambiri, kutentha kwapakatikati ndi ukhondo. Ndipo chiphecho tizilomboto timapanga chakudya chikayamba kutithera, ndiye kutidyetsa kwambiri n'kulakwanso.

Mlongo wanga anaigwira ntchitoyo ngati akulera khanda. Anawiritsa, natseka kukamwa kwa chigubu ndi kansalu koyera, n'kumachikhutchumula kosalekeza kuti mpweya ulowe, mpaka mapewa kuwawa. Ndikaweruka kusukulu ndinkamulandira. Koma unali Okutobala, ndipo amene anakhalako kunyanja mwezi umenewo akudziwa. Pansi pa malata chigubu chinkafunda ngati tiyi. Choyamba chinasasa ngati thobwa logona. Chachiwiri tinachikwirira mumchenga wonyowa pansi pa mango, chinanunkha moti agalu a m'mudzi anadzatizonda. Mayi woyandikana nafe uja anatiseka kuti Angoni afika pophika moŵa wa mbozi, komabe anatipatsa mtsuko wake wadothi kuti mwina muzizizirira. Anatiuzanso kuti tiyese madzi oviikamo chinangwa, poti amawira okha. Tinayesa, anthuni, ndipo anasasa kuposa oyamba.

Chovuta chinali chakuti sitinkaona chimene tikulera. Madzi akachita mbuu, sitinkadziwa ngati achuluka ndi athu aja kapena ena ongolowerera. Mayeso athu anali amodzi: kuviika tsamba m'madziwo, kuliika m'mbale ndi mbozi zingapo, n'kudikira. Ndimakumbukira tonse awiri titawerama pa mbale ija, mbozi zikudya tsambalo mosatekeseka, zina mpaka kunenepa. Ine mphunzitsi wa sayansi wa Sitandade 7, wophunzitsa ana za tizilombo tosaoneka ndi maso, sindinkadziwa chimene chalakwika. Alangizi nawo anangopukusa mutu, nati mwina zotsalirazo zinali zitafa kale, mwina ndi kutentha, mwina madzi athu. Zinali mwina zokhazokha.

Kudimba kabichi ankasanduka sefa. Mluzu uja unatha. Tinayesa kutola mbozi ndi manja, tinayesa phulusa, tinayesa madzi a masamba a nimu, koma zinkachita ngati tikuziitana. Tsiku lina mlongo wanga akutsuka chigubu, osandiyang'ana, anati, "Achemwali, ndigulireni mankhwala aja. Dimba likutha."

Ndinasowa pogwira. Ndikakana, dimba litha, ndipo abwerera pakhonde paja. Ndikavomera, ndabweretsa ndekha m'nyumba chinthu chimene mayi anamuthawitsira kuno. Ndinalira kubafa kuti asandimve.

Ndinagula kabotolo kakang'ono kwambiri. Sindinamupatse. Ndinasakaniza ndekha, ndinabereka mpope ndekha, ndinapopera mzere ndi mzere iye ataima pamphepete manja ali kumbuyo, munthu amene anayamba kupopera ali mwana, ine ndisanaugwirepo mpope. Anandikonza kamodzi kokha, kuti ndiloze pansi pa tsamba. Zotsala ndinaziika m'chikwama changa, ndipo ndinkapita nazo kusukulu, kutchalitchi, kumsika, pakati pa choko ndi mpango.

Mbozi zinafa tsiku lomwelo. Kabichi anachira, mitu inayamba kumanga. Tikubwerera kudimba ulendo wachitatu wopopera, anayang'ana chikwama chimene ndinachipanira m'khwapa.

"Simukundikhulupirira, eti?"

Ndinafuna kunama, koma ndinangochipanitsitsa chikwama chija. Iye anangogwedeza mutu. Kabichi ameneyo ndinakolola ndi mayi woyandikana nafe uja, chifukwa kuyambira tsiku limenelo mlongo wanga sanapondenso kudimba.