Botolo la pansi pa bedi la adada

Fungo la nthaka yonyowa ndi mvula yoyamba limandikumbutsa chaka chimene ng'ombe yathu yolimila inagunda adada. Ndinali ndisanayambe kusenza ndowa yaikulu. Anali kuimasula pajoko pamene inatembenuka n'kuwagunda ndi mutu m'nthiti. Magazi sanatuluke, choncho anati n'zazing'ono, nakagona pansi pa mtengo wa mango. Pofika masana milomo yawo inali bii, ndipo popuma chifuwa chinali kukwela mbali imodzi yokha.

Tinawatengela kuchipatala ku boma pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe yomweyo. Dokotala anawagogoda pachifuwa ndi zala, ndipo kumanzele kunalila ngati ng'oma. Atawajambula anauza amama kuti nthiti yothyoka yaboola phapo, mpweya wathawila m'chifuwa n'kulifinya mpaka laphwa. Anawacheka pang'ono m'munsi mwa khwapa, nalowetsa kapaipi kotsikila m'botolo la madzi pansi pa bedi. Nthawi yomweyo adada anapuma mozama ngati munthu wotula katundu.

Akatsokomola, madzi a m'botolo anali kubwata ngati ali pamoto. Amama anachita manyazi kufunsa, ndiye tinangogwilizana tokha kuti thovu lija ndilo moyo wa adada. Muwodi munali kununkha mankhwala opukutila pansi, panja amayi anali kugulitsa inswa zokazinga, kwathu anzathu anali kubzala, koma ife maso anali pabotolo.

M'mawa wina madzi anangoti zii. Adada anali chigonele, maso otseka. Amama anamanga chitenje m'chiuno nayamba kulila monga timalilila kwathu, ine ndikutsatila. Nesi anabwela akuthamanga, anawagwedeza adada kuti atsokomole, nayang'ana botolo. Thovu silinatuluke.

"Amama, mukulila chiyani? Bowo latsekeka, phapo ladzuka," anatelo nesi uja.

Adada anatiyang'ana ndi diso limodzi. "Mwayamba malilo anga ndisanamwe phala?"

Wodi yonse inaseka, mpaka odwala ena anagwila mabala awo. Kapaipi anakachotsa, ndipo tinabwelela kumudzi adada atakhala tsonga pa ngolo, akukalipila ng'ombe ija ndi mawu omveka kutsidya kwa dambo. Tinabzala mochedwa, koma tinakolola.

Adada tinawaika chaka chatha, ali ndi imvi mutu wonse. Ndili mwana, chimene ndinasunga chinali manyazi akuti anthu anatiseka. Lelo ndikuona kuti m'mawa uja tinabwezeledwa munthu amene anadzandilela, kundikwatitsa, ndi kunyamula ana anga.